Makimo a M'nyumba Mwanga

Katekisimu wanga woyamba ndinamugula kwa munthu wa njinga wochokera ku Zambia. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndili wamkulu kale, pa matumba a feteleza ndi nyuzipepala zimene zinachuluka matipate atabwera, choncho sindinkadziwa kuti anzathu a tsidya lija salemba "h" pambuyo pa "c". Nditaona "macimo" ndinawerenga kuti "makimo". Mtima unandinong'oneza kuti ndi machimo omwewa, koma ndinati ayi, chimenechi ndi chiyankhulo chapamwamba cha ophunzira unsembe ku Kachebere.

Mwana wanga wamkazi ankakonzekera Ukaristia woyamba. Ndinamuphunzitsa mwakhama, ine funso, iye yankho. Loweruka ku kalasi anaimirira n'kunena molimba mtima kuti ubatizo umachotsa makimo. Anzake anaseka mpaka kugwa pa benchi.

Kuyambira pomwepo mwanayo ankakaphunzira kwa aneba, bambo wina wa ku Phalombe amene anabwera kudzagwira utenanti n'kukhazikika. Madzulo ndikusoka fodya m'chigafa ndinkawamva kuseri kwa mpanda, iwo funso, iye yankho, kenaka kuseka. Kusekako ndiye kunkandibaya. Ndinayamba kuona kuti nkhuku zawo n'zamwano, mbewu zawo zabiriwira mopitirira, ngakhale chifuwa chawo chinkamveka chodzikuza. Kodi mwana ndinabereka ine, Mulungu akamudziwire kwa eni?

Tsiku lina ndinamumva akutchula mizu ya machimo. Atafika pa kaduka anakweza mawu, kapena ndi makutu anga. Buku limeneli ndi lotero: mayankho ake ndi aafupi kuti mwana awasenze, koma akakupeza ndiwe wamkulu amalemera. Sindinasinthe ayi. Ndinangodziwa dzina la matenda anga.

Pa tsiku la phwando mwana anavala zoyera, ndipo potuluka m'tchalitchi anayamba wagwira dzanja la anebawo. Ine ndinatanganidwa ndi tcheni cha njinga chimene sichinaguluke.

Anebawo anandipeza pomwepo.

"Achimwene, mwasiya kundipatsa moni, ndaona. Komatu ine ndimangomuloweza mawu. Akandifunsa kuti Mulungu wosaoneka tingamukonde bwanji, ndimatuluka thukuta, iye n'kumati, 'Basi, ndikafunsa ababa, amawerenga.' Ndiye mwezi wonse mwatupa, mwana akuopa kukufunsani. Siyani tchenicho, kamuyankheni. Makimo anuwo tidzakonza bwino lake."