Tsiku Limene Wothamanga Anadutsa Pathandala

Ntchitoyi anandipezera aprofesori, aphunzitsi a pasukulu pamene ndinkagulitsa mandazi. Anati kukubwera anthu othamanga mpikisano wautali, kuchokera ku Entre Lagos mbandakucha, kudzera m'tinjira ta m'minda mpaka ku Chiuta, tsiku lonse wapansi. Ine ndinaseka. Munthu wamkulu kuthamanga wosathamangitsidwa?

Ankafuna munthu woima pamphambano ya kudoko. Anandipatsa zigubu za madzi, makapu, nthochi, mchere pang'ono, apito ngati ya oyimbira mpira, ndi tinsalu tofiira tomanga m'mitengo kuti othamangawo asasochere. "Kapu muziwapatsa mutaimirira, mayi a Fatuma," anatero aprofesori. "Wina akagwa, lizani apito."

Dzuwa lili pamutu ndinaona woyamba. Anali mayi, wamkulu kundiposa, miyendo yatuwa ndi fumbi, thukuta laumira kumaso, kachikwama kumsana. Sankathamanga ngati wothawa ayi, ankaponda pang'onopang'ono mosalekeza, ngati sadzaimanso. Ndinaiwala ndi kapu yomwe.

Koma tinsalu tathu tinadutsa pakati pa thandala, pamene asodzi anayanika nsomba. Kwathu kuno munthu wothamanga pathandala ali ndi chikwama ndi mtundu umodzi wokha.

"Wakuba! Wakubayo!"

Anyamata anatuluka ndi nkhafi, Che Saidi mwini thandala ali patsogolo ndi ndodo. Amayi achikulire amene anathawapo nkhondo kale anangoona anthu akuthamanga, nayamba kunyamula ana. Mwana wanga Fatuma ali kumsana akulira, ndinaganiza zobisala kuseri kwa zigubu, koma mayi uja sankatembenuka n'komwe, ankayesa akumuchemerera.

Ndinathamanga. Chitenje chikumasuka, dzanja limodzi lagwira mwana, apito ili pakamwa, ndinalowa pakati pa iye ndi ndodo ija.

"Che Saidi, ndi mpikisano! Wachokera ku Entre Lagos!"

"Wapansi? Iwe mwana usandinamize."

Mayi uja anaima, natsegula kachikwama. Munali botolo la madzi ndi nthochi yonyenyeka. Anali wefuwefu, koma anawapatsa moni akuluwo kaye, kenaka anandifunsa, "Achemwali, njira ndi iti?"

Ndinaloza kansalu kofiira. Anamwa kapu imodzi, nanyamuka ndi kapondedwe kake komwe kaja. Tonse tinamuyang'ana mpaka analowa m'bango.

"Ine ulendo umenewo ndi njinga ndimagona masiku awiri," anatero Che Saidi, akubisa ndodo kumbuyo.

Madzulo aprofesori anatiuza kuti mayi uja anafika. Wachitatu, koma anafika.

Kuyambira pamenepo sindimanga kansalu ndisanayende khomo ndi khomo, ndi kumzikiti komwe, kuuza anthu kuti kukubwera othamanga. Njira ya mpikisano imadutsa pakhomo pa eni ake. Chaka chotsatira Che Saidi anaima pambali panga pamphambano paja, kapu ili m'manja, akukalipira anyamata kuti achoke m'njira.