Khola la Ababa pa Kompyuta

Ndine mlembi wa gulu la oweta mbuzi kwa Tengani. Madzi osefukira ataphwa, anandituma kukonza tchati pa kompyuta: mlimi aliyense mzati wake, wotalika molingana ndi mbuzi zomwe zamutsalira. Wa Ababa anga unangokhala kachitsa. Nambala sindinaikhudze, ndimaopa Mulungu. Ndinangonenepetsa mzere wakuda wozungulira kamzati kawoko, mobwerezabwereza, mpaka kanaoneka ngati katalikirako.

Pamsonkhano maso onse anayambira pa kamzati kakudako. Ine ndinangoti zyoli. Ababa anayandikitsa pepala la tchati kumaso, n'kumwetulira.

"Mwanawe, khola wandimangira lolimba. Koma mbuzi n'zomwe zija."

Anthu anaseka. Ababa analipinda bwinobwino pepalalo n'kuliika m'thumba la malaya, la pamtima.