Odwala a Mayi Tabeth

Mayi Tabeth a ku St Mary's, kufupi ndi Harare, sanalembedwepo ntchito chibadwire. Bambo awo anachoka ku Dedza kudzagwira m'mafamu, ndipo atakalamba ndi Tabeth amene anawadwazika. Maliro atatha, mbiri inawanda pakati pa Amalawi kuti mayiyu alibe nyansi. Mtchona aliyense wopanda mkazi kapena mwana akangoti gone, a kumpingo ankangoti, "Kaitaneni a Tabeth." Iwo ankasambitsa, kutembenuza, kumwetsa phala, ndi kumvetsera nkhani za kumudzi kumene eniakewo sakanakuonanso. Malipiro ake anali zikomo, mwina ndi kasopo.

Malonda awo a tomato kumsika wa Chikwanha atalowa pansi, pakhomo panavuta zedi. Anamva kuti nyumba ina yosungirako okalamba ku Harare ikufuna wosamalira, koma munthu abwere ndi CV, pepala la mbiri ya ntchito zake. Anapita kwa Julia, amene amataipa makalata pa mashopu a Huruyadzo. Julia Chichewa amamva, koma pakamwa pamatuluka Chishona.

"Makamboshanda kupi, mhamha?"

"Kugwira ntchito ine? Palibe. Ndimangodwazika anthu."

Kwa Tabeth kudwazika sinali ntchito, unali umunthu chabe, ndipo kuzilemba papepala kunawachititsa manyazi ngati akugulitsa malemu. Julia anawanyengerera mpaka analola. Koma atafunsa za anthu owachitira umboni, zinthu zinaima. Tabeth anatchula a Naison, anatchula a Sunday, anthu amene anawadwazika. Onsewo anali kumanda.

Julia analemba dzina la mkulu wa mpingo, nawalangiza kuti akakafika asakanene kuti odwala awo onse anatsogola. Ndani angalembe munthu wa manja otero? Tabeth anavomera, koma mtima unawawawa. Bodza sankalitha, ndipo ntchitoyo ankaifunitsitsa.

M'kombi, minibasi yopita ku Harare, njira yonse anapita akuyeseza choyankha. Atafika, mayi woyang'anira nyumbayo anawerenga pepala lija modekha, kenako anakweza maso n'kufunsa m'Chishona kuti mwa odwala onsewo anachira ndi angati.

Zoyeseza zija zinabalalika. Tabeth anayang'ana manja awo.

"Palibe, amayi. Ankandiitana zitafika kale poipa. Chimene ndinkatha ine n'kukhala pompo, kuti pochoka pakhale wowagwira dzanja."

Mayiyo anaimirira, nati amutsatire kuchipinda chakumapeto. Kumeneko kunali gogo wina amene abale ake anasiya kalekale kubwera.