Botolo la Matope la Wezzie

Amalawi a ku Lewisham samutchula dzina Wezzie, amangoti "wamatope uja". Anzake akafika ku London amaphunzira unamwino kapena zamakompyuta, zinthu zoti mayi ako akhoza kunyadira kumpingo. Iye anasankha tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'matope a mtsinje wa Thames. M'thupi mwa kalikonse muli timiyala tachitsulo tondondozana ngati mikanda, moti ukagunditsa maginito pabotolo, tonse timasambirira komweko. Pamenepo Wezzie amatitapa n'kukatijambula pa maikulosikopu yaikulu ya ku yunivesite, ija yoona ndi maelekitironi, imene anthu amaidikirira miyezi ngati opaleshoni.

Chaka chatha tsiku lake lojambula linagwa Lolemba. Apulofesa anali atanena mosapsatira kuti popanda zithunzizo, digiri aiwale kaye. Botolo lake labwino, limene analilera milungu yambiri mpaka tizilombo titachuluka, sankalisiya ku labu. Ankati kumeneko kuli anthu a manja oyabwa, otaya za eni. Ankalisunga kuchipinda kwake, pansi pa bedi, pamodzi ndi maginito ake, atalifundika chitenje kuti lisaone kuwala.

Chipindacho ankachita lenti kwa mayi Gladys, nesi wamkulu komanso mtsogoleri wa amayi amapemphero. Vuto linayamba ndi amuna awo, bambo Newton, oyendetsa basi. Munthu woti chikwatirireni sanafunsepo akazi awo kuti kuntchito kunali bwanji, anayamba kumaima pakhomo pa Wezzie, kumwetulira mano onse pamtunda.

"Ndiye mukuti tizilombo timeneti timadziwa kumpoto popanda foni? Tationetsaninso, achemwali."

Mayi Gladys ankamva zonsezo ali kukhitchini, mpeni uli m'manja.

Lamlungu masana Wezzie pochokera kulaibulale anapeza nyumba ikununkha bulichi. Pabalaza panali mayi Gladys ndi mnzawo wa ponda apa nane m'pondepo, mayi Bessie, onse m'maduku oyera. Botolo linali patebulo, lotsukidwa mbee!

"Anti, matope anga ali kuti?"

"Kumene amayenera, m'toileti," anatero mayi Gladys. "Tathiramo mchere, tathiramo bulichi, tapemphera, tafulasha."

"Imene ija ndi research yanga! Slot yanga ya pamakina ojambulira aja ndi mawa!"

"Iwe, ine ndine nesi, usandiopseze ndi Chizungu. Sayansi yanji yogona pansi pa bedi itafunda chitenje? Dothi, chitsulo, nsalu. Ukuyesa ife tinakulira ku Greenwich? Zimenezi timazidziwa."

"Muli tizilombo chabe mmene muja, anti."

"Tizilombo!" Mayi Bessie anawomba m'manja. "Mwamva? Wavomera yekha. Ndipo amatiweta!"

Wezzie anaganiza zotulutsa laputopu, awaonetse zithunzi za timikanda tija. Koma atayang'ana nkhope ziwirizo anadziwa kuti akangoona mikanda, ndiye mlandu wathera pomwepo.

"Mwandiphera chaka chathunthu," anatero Wezzie.

"Nanga iwe umafuna kundiphera chiyani? Si banja? Chibwerereni botolo lako, bambo akunyumba kuno akusekerera ngati apambana mpikisano. Mwezi ukatha usamuke."

Onse atatu anatembenukira kwa bambo Newton, amene anali pakona nthawi yonseyi ndipo akanatha kufotokoza. Bambowo anayang'ana foni yawo kwa nthawi yaitali, kenako anakumbukira kuti ali ndi shifiti. Basi ya tsiku limenelo iyenera kuti inali yachangu, chifukwa anatuluka ndi masilipasi.

Lolemba makina aja anapatsidwa kwa wophunzira wina. Wezzie sanadikire kuti mwezi uthe, anasamukira ku Wembley, m'nyumba ya anthu osafunsa zimene zili pansi pa bedi la munthu. Masiku ano madzi akaphwa mumupeza ku Greenwich atavala magambuti, akutapira matope m'botolo latsopano, digiri ikumudikirabe. Akakumana kutchalitchi ndi mayi Gladys, aliyense amakhala ndi chidwi chachikulu ndi denga.

Maginito aja okha sanabwezedwe. Wezzie anawafunsa kawiri, anayankhidwa kuti anatayidwa limodzi ndi zonyansa zinazo. Koma mayi Bessie, amene pakamwa pawo sipagona nkhani, anauza amayi awiri okha, awiriwo n'kuuza Lewisham yense, kuti chitsulocho chili pansi pa matiresi, mbali imene amagona bambo Newton. Ati bambowo akaweruka tsopano sakhotera kwina kulikonse.