Majointi a Galimoto ya Bambo

Bambo anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mayi atatsogola kale, ndipo ndinakulira ku Chitawira kwa agogo, mayi awo a bambo. Abale atabwera kudzagawana katundu anatenga mipando, wailesi ndi masuti. Galimoto anaisiya chifukwa inakana kulira. Inakhala pamiyala kuseri kwa nyumba zaka zambiri, nkhuku zikuikira mazira pansi pake.

Nkhope ya bambo sindiikumbukira bwino. Chimene ndinasunga ndi phokoso. Akamakhota kulowa pageti poweruka, kumbuyo kwa galimoto kunkagogoda, gu, gu, gu, ndipo ine ndinkasiya chilichonse n'kukaima pakhonde.

Nditapeza ntchito pa shopu ina ya amwenye ku Limbe, ndinayamba kuidzutsa galimoto ija pang'onopang'ono. Mwezi uno batire, mwezi winawo matayala. Tsiku limene ndinakhota nayo koyamba pageti, inagogoda chimodzimodzi. Agogo, amene maso awo anali atayamba kale kuchita mdima, anatuluka m'nyumba opanda nsapato. Kuyambira pamenepo, masiku ena ndinkapitirira geti dala, n'kukatembenukira kutsogolo, kuti ndikhotenso.

Kenaka agogo anati akufuna kukaona kwawo ku Nsanje maso asanatheretu. Minibasi anaikana chifukwa cha mawondo. Ndinatengera galimoto kwa makaniko wina wachikulire amene ankagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika wa Limbe, kuti angoiona ngati ingakafike. Anaikweza ndi jeki, nalowa pansi chagada, nagwedeza chitsulo chimene chimazunguza tayala lakumbuyo.

"Achemwali, mwati mukupita kuti?"

"Ku Nsanje."

"Pa izi? Ndiye mutsanzikiretu anzanu kuntchito."

Anati ndigwade ndione ndekha. Malabala ophimba majointi, molumikizira chitsulocho, anali atang'ambika, girizi anatha kalekale, m'kati munali mchenga wokhawokha. "Onse awiri atha. M'tauni muno mukhoza kumazemba nawo. Koma akakaduka pamapiri otsikira ku Chikwawa paja, mukafika kumunsi msanga kuposa aliyense."

"Mukasintha, idzagogodabe?"

Anatulutsa mutu pansi pa galimoto n'kundiyang'ana. "Anthu amabwera kuno kuti isiye kugogoda."

"Simungasinthe imodzi yokha?"

"Inu nsapato mumagula imodzi?"

Ndinati ndikaganize kaye. Masiku atatu ndinayenda nayo ili choncho, ndikumvetsera pa ngodya iliyonse. Ndinkadziwa kuti agogo sindingawatsitse nayo mapiri aja, ndipo ndinkadziwanso kuti kupatula phokosolo, palibe china cha bambo chimene chinatsala m'mutu mwanga. Loweruka m'mawa ndinabwerera pansi pa mtengo uja.

Ndinakhala pa tayala lakutha n'kumaonerera. Mabauti ena anali atachita dzimbiri, moti anawathira oilo n'kuwamenya ndi hamala asanamasuke. Jointi yakumanzere itatuluka, timipira tachitsulo tinagwera m'fumbi, ndipo anatitola kamodzikamodzi. Atsopanowo anawadzaza girizi ndi zala, mosafulumira, akuimba chamumtima nyimbo ya kutchalitchi. Atamaliza anakulunga akalewo m'jumbo n'kundipatsa.

"Zanu izi. Musadzati mdala uja sanasinthe."

Ndi mmene amachitira amakaniko, chakale amabwezera mwini wake. Ndinagwedeza jumboyo pafupi ndi khutu. Inali yolemera chabe, yosalira.

Ndinalowa pageti mwakachetechete ngati galimoto ya eni. Pakhonde panalibe munthu. Agogo ndinawapeza m'nyumba akusankha nyemba ndi zala.

"Wabwera pa minibasi?"

"Ayi agogo, galimoto ili panja. Akonza."

"Oo," anatero, n'kupitiriza kusankha.

Tinanyamuka sabata yotsatira. Titayamba kutsika mapiri, chigwa chili mbee kumunsi, agogo anatsitsa galasi kuti amve kutentha kwa kwawo. Ndinkakhota mosamala, makutu akudikirabe pa kona iliyonse.

"Bambo ako anali waulesi," anatero mwadzidzidzi. "Chaka chathunthu ndinkamuuza kuti akakonzetse chiphokoso chija. Amvekere, mawa mayi, mawa. Mlomo wokha."

Aka kanali koyamba kuwamva akunena za mwana wawo mosatsitsa mawu. Ndinkafuna kufunsa zambiri: ankaseka bwanji, ankandiitana chiyani, ngati anali wosalankhulalankhula ngati ine. Koma funso limene linatuluka linali laling'ono.

"Ankathamanga nayo?"

"Iye uja? Njinga zinkamupitirira." Anaseka, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Yang'ana kutsogolo, iwe. Ndikuuza tikafika pansi."

Kunali kukadali makona ambiri. Ndinaika giya yaing'ono.