Mlendo Wosatumidwa

Kwawo ankamutcha Chitsirizira, ngakhale kuti pambuyo pake panadzabadwa ena awiri. Anali mphunzitsi wa sukulu ya mkaka. Atasankhidwa kupita kunja miyezi isanu ndi umodzi pa pulogalamu yosinthana aphunzitsi, kuti akakhale ndi banja la kumeneko, amayi ake anangofunsa kuti nanga madzi osamba a abambo aziphitsa ndani.

Banja lomulandira linali la anthu awiri: mayi woyendetsa basi ndi amuna awo okonza mawotchi. Ana awo anakula n'kuchoka. Anamupatsa chipinda chapamwamba, bedi lalikulu, ndi kiyi wakewake. M'nyumbamo munkangomveka mawotchi basi. Iye anakulira m'nyumba ya anthu khumi, kugona ndi mng'ono wake woponda anzake kutulo. Kuno ankadzuka ali kumphepete kwa bedi, atasiyira malo munthu woti kulibe.

Chinkamupweteka kwambiri n'choti sankatumidwa. Akagwira tsache, mayiwo ankamulanda mwaulemu, amvekere ndinu mlendo wathu, pumulani. Akati atsuke mbale, ankapeza zili kale m'makina otsukira. Lamlungu masana akaimba foni kwawo, nkhani zikatha ankawapempha kuti asadule, angoiika pawindo. Ndiye ankangomvetsera: ndowa kugundana, achimwene ake kutsutsana ndi wailesi, amayi ake kuitana dzina lake moiwala kenaka n'kuitana wina. Mkulu wake anabereka mwana wamwamuna iye adakali kunjako. Anamuonera pa foni, kankhope kosaoneka bwino, ndipo anafunsa kawiri kuti khandalo likununkhira bwanji. Anamuseka onse.

Mwezi wachinayi mayi oyendetsa basi aja anaterereka pamasitepe n'kuthyoka dzanja. Amuna awo anayesa kuwapesa tsitsi, koma zala zozolowera tizitsulo ta wotchi zinakanika. Chitsirizira anangotenga chipeso osapempha. Kuyambira pamenepo ndiye ankawamanga zingwe za nsapato, kuwasambitsa m'mutu, kuwaperekeza kuchipatala. Tsiku lina anaiwala kutseka mpopi, madzi n'kusefukira m'bafa mpaka pakhonde, ndipo mayiwo anakalipa osasankha mawu.

"Iwe mwana iwe, mutu wako wausiya kuti?"

Kenaka anagwira pakamwa n'kuyamba kupepesa.

"Ayi amayi, pitirizani," anatero iye akukolopa, misozi ili chuchuchu. "Ndinali nditazisowa zimenezi."

Miyezi itakwana anabwerera kwawo. Khanda lija linamukana, linalira mpaka amake analitenga. Zinatenga masiku kuti lizolowere manja ake. Sabata yachitatu kunabwera uthenga wa mayi akunja aja: dzanja lapola, abwerera pa basi, koma sizasi sakuiona, kodi anaiika kuti? Iye ankadziwa bwino pomwe inali, m'kabati ya kukhitchini kuseri kwa makapu. Sanalembe. Anadikira kuti mayiwo aweruke kuntchito, awaimbire, awauze pakamwa.