Kadamsana pa Nyanja Youma

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, kadamsana anatipeza ine ndi amuna anga titakhala pa bwato lawo, lomwe linatsakamira m'matope ouma. Mwezi utafiira, amayi tonse tinathamangira zitini ndi mabeseni n'kuyamba kumenya, monga mwa mwambo wathu, kuti chimene chaugwira chiusiye. Ine ndinamenya beseni langa logulitsira matemba mpaka linabooka. Mwezi unayeradi, anzanga n'kuliza nthungululu.

Amuna anga sanasunthe n'komwe. Anangoloza kumene kunkakhala madzi, nati, "Mayi, menyaninso, mwina nayo nyanja ibwerera."

Ndinapsa mtima, komabe ndinamenya mpaka manja anatupa. Mwezi tinaupulumutsawo unangotiunikira bwinobwino ming'alu ya dothi, kuyambira pamapazi pathu mpaka kutsidya.